Njinga ya Zishalo Ziwiri

Chaka chimenecho mvula inakana kugwa, ndipo Damu la Wenby linaphwa mpaka kulavula zomwe linameza kalekale. Unayamba kutuluka mlatho wa miyala, kenako makoma a makola a nkhosa, kenako masitepe a tchalitchi. Anthu a m'matauni ankakhamukira kumeneko kudzaona mudzi womira uja, ndipo poti msewu wozungulira damulo salola galimoto, aliyense ankabwereka njinga kwa Neville Sugden. Nkhope ya Neville inali isanawalepo chotero chibadwire. N'chifukwa chake Konsitabo Gail Tordoff anadabwa kumumva pa foni Lachinayi m'mawa akulira ngati nkhosa yokodwa mu waya.

"Andibera, Gail! Fulumira, za tiyi uzisiye!"

Gail anasiya galimoto pa geti n'kutsetserekera ku shedi. Awiriwa anaphunzira kalasi imodzi, ndiye panalibe za ulemu wambiri.

"Loko wathyoledwayo ali kuti?"

"Sanathyole. Ndamupeza chitsekere."

"Wakuba waulemu ameneyu. Waba, n'kukutsekeranso."

"Usandiseke, iwe. Lowa uone."

M'katimo njinga zamagetsi zatsopano zinali ndondondo, zonse zilipo. Neville analoza kukhoma, pomwe panatsala ngowe ziwiri ndi chithunzithunzi cha fumbi. Gail sanafunse kuti panali chiyani. Ankaidziwa njinga yobiriwira ija ya zishalo ziwiri, ya malemu bambo a Neville, yopalasa anthu awiri. Anaidziwa bwino kuposa momwe akanafunira.

Anagwada n'kuyang'ana pansi. Pampu inali itagona pakati pa njira. Pambali pake panali kabotolo ka oyilo ndi sipanala imodzi.

"Matayala anali ndi mpweya?"

"Anaphwa kalekale. Njinga ija sindibwereketsa."

"Ndiye munthuyu wapopa, wathira oyilo pa tcheni, wakonzanso chishalo. Sanali pa changu. Chinanso chasowa?"

"Palibe." Neville anaunguzaunguza. "Aa, katsamiro ka pampando apo. Nanga katsamiro n'kobanso?"

"Kiyi umasunga pati?"

Anamutengera kuseli kwa shedi, komwe kunali mgolo wa madzi a mvula. Pansi pa mgolowo panali chitini chakale cha mabisiketi. Atachitsegula chinalira kuti kweee, kiyi ali momwemo phee.

"Akudziwa ndani malo ano?"

"Ine ndi Mulungu. Ngakhale mkazi wanga sadziwa. Ndi anyamata atatu aja amanga matenti kunkhalango, ndikukuuza. Dzulo amangozungulirazungulira pano ngati akhwangwala."

Gail anaimirira n'kusasa mawondo. Dzina lina linali litamukhala pakhosi, ndipo analilavula mosayang'ana Neville.

"Nanga Desmond?"

Dzanja la Neville linapita lokha pachibwano chake chokhota. Desmond anali mng'ono wake. Tsiku lomwe Neville anakasiya mayi awo kunyumba yosamalira okalamba, awiriwa anakangana mu shedi momwemo, ndipo Desmond anamuphwanya chibwano ndi chitsulo. Anapita kundende. Mwezi watha anamutulutsa zaka zake zisanathe, pa lamulo loti akhale ku Hull ndipo asadzapondenso m'chigwa chino.

"Ameneyo akanathyola chitseko ndi mutu," anatero Neville. "Ndipo kiyi ndinasintha malo iye ali m'kati kale. Angadziwe bwanji? Walota?"

Gail anabwezera chitinicho pansi pa mgolo.

* * *

Maureen Ackroyd, mwini kanyumba ka tiyi pamwamba pa khoma la damu, anali munthu woti ukamufunsa nthawi amayamba ndi mbiri ya wotchi.

"Khala pansi, mwanawe, waonda. Sikono iyi idya, yatuluka kumene. Anyamata a kunkhalango? Ha! Neville akhale ndi manyazi. Ana aja anagona kuchipatala. Mmodzi, wamtali uja wa ndolo pamphuno, anagwa dzulo madzulo pa chitsikireni cha kwa Hebden, phewa kuti thyo. Ndinaimbira ambulansi ndine. Anzake anamutsatira, mpaka pano sanabwere. M'matenti mwawo mukugona mphepo."

"Ndiye m'mawa uno simunaone kanthu?"

"Ndati sindinaone? Iwe, ine ndimadzuka mbalame zisanatsuke kukamwa. Ndimaika masikono mu uvuni, ndiye ndikuti ndisuzumire pawindo, nkhungu ili mbuu pamadzi, ndangoona njinga ija ikudutsa. Munthu mmodzi yekha kutsogolo, kumbuyo kopanda munthu, mapedulo akungozungulira okha ngati yakwera mzukwa. Thupi langa linachita tsemwe."

"Nkhope munaiona?"

"Chipewa anachikokera mpaka pamphuno."

"Wamtali? Wonenepa?"

"Woonda. Koma kapalasidwe kake..." Maureen anasiya kupukuta kapu. "Bondo lakumanzere limatulukira panja, chonchi. Akati pondeni, bondo panja. Akati pondeni, bondo panja."

Gail anasiya sikono ija m'mbale.

Bondo limenelo analiyang'ana chilimwe chathunthu ali mtsikana, atakhala pa chishalo chakumbuyo, mphepo ikumubweretsera fungo la sopo wa pakhosi pa Desmond. Linathyoka mnyamatayo atagwa padenga la khola, ndipo silinawongokenso. Ankazungulira damu lonse madzulo, nkhosa zikuthawa belu, Desmond akukuwa kuti, "Ukupalasa kumbuyoko kapena ndakweza thumba la mbatata?" Kenako Desmond anapita kukagwira ntchito pa sitima za panyanja, makalata anachepa, Gail anakwatiwa ndi wina, ukwati unatha. Pamene Desmond ankabwerera, onse anali ndi imvi zoyamba, ndipo ankangopatsana moni pa msewu ngati anthu oti mawa lilipo. Tsiku la chitsulo lija, amene anamuveka unyolo anali Gail.

"Ine dzina sindinatchule," anatero Maureen motsitsa mawu. "Wamva? Sindinatchule."

"Analowera kuti?"

"Chakum'mawa. Mwanawe, tiyi wako!"

* * *

Anatenga njinga wamba kwa Neville osamuuza kanthu. Msewu wa miyala yosalala unkatsata gombe, kumanja makoma a minda ndi udzu wopserera, kumanzere matope ong'ambikang'ambika omwe kale anali madzi. Kunalibe phokoso lililonse kupatula matayala ake ndi nkhosa. Anadutsa banja lina la alendo, ana ali patsogolo ndi zipewa zawo zazikulu, anadutsa geti la kum'mawa, kenako anaona ambulera yakuda pa mwala.

Cyril Hebden ankawedza pamenepo kuyambira Gail asanabadwe. Mawu ankawatulutsa ngati akugula.

"Mwaswera bwanji, a Hebden?"

"Nsomba kulibe."

"Yadutsa njinga ya zishalo ziwiri pano?"

"Yadutsa."

"Munthu mmodzi?"

"Awiri."

Gail anatsika panjinga. "Awiri? Mwaonetsetsa?"

"Maso ndikadali nawo."

"Wakumbuyo anali ndani?"

"Chikhoti chofiira. Wamng'ono thupi." Anakoka chingwe, n'kuchiponyanso. "Amalankhula."

"Amati chiyani?"

"Mayina."

"A anthu?"

"A minda." Kwa nthawi yoyamba Cyril anatembenuka n'kumuyang'ana. "Munda wa Chitsime. Dambo la Abusa. Kamunda ka Akalulu. Yonse ili pansi apo. Odziwa mayina amenewo tatsala ochepa, mwana wa Tordoff."

Atabwerera pang'ono ku geti lija, pomwe fumbi linaunjikana, Gail anapeza mzere wa matayala. Asanafike pa geti la kum'mawa unali wosazama. Kupitirira geti, tayala lakumbuyo linkalowa pansi. Anakweza maso. Pamwamba pa geti, kuseli kwa mitengo, panaoneka denga la nyumba yosamalira okalamba.

Foni inalira m'thumba.

"Gail! Amayi asowa!" Anali Neville. "Aimba akunyumba kuja. Anawasiya pabenchi panja akuothera dzuwa, pobwera ndi mankhwala apeza benchi yokha. Munthu wosaona, Gail! Wazaka zoposa makumi asanu ndi atatu! Ngati alowera kumatope..."

"Neville, khala chete undiyankhe. Ukamatseka shedi, pamakhala ndani?"

"Ndakuuza kale, palibe!"

"Tsiku lililonse?"

"Lamlungu pamakhala amayi. Ndimakawatenga, amakhala pampando paja mpaka nditseke. Koma amayi saona!"

"Chitini chako chimalira bwanji ukamachitsegula?"

Gail sanadikire yankho.

"Makutu ali nawo," anatero Gail. "Ndipo katsamiro kaja n'kawo."

"Desmond," Neville ananong'ona. Kenako anaphulika. "Wawaba! Galu ameneyo waba amayi anga! Ndikuimbira akuluakulu ako pompano, abwere ndi agalu, amutsekere mpaka awole!"

"Imba. Koma galimoto siilowa kuno, ndipo amene ali pafupi ndine."

Anadula foni n'kukwera njinga.

* * *

Njinga yobiriwira ija anaipeza itatsamira khoma pomwe msewu wakale wa Wenby umatsikira m'damu. Chishalo chakumbuyo chinali chotsitsidwa mpaka pansi, katsamiro atakamangirira ndi chingwe cha nsapato. Gail anagwira handulo yakumbuyo. Labala wake anali yemwe uja, wong'ambika pomwe chala chachikulu chimakhala. Anachotsa dzanja msanga.

Mapazi a anthu awiri ankatsika ndi msewu wa miyala, aakulu ndi aang'ono, moyandikana kwambiri. Alendo anali asanafike kumtunda kuno. Gail anadutsa masitepe a tchalitchi osakwera kulikonse, anadutsa chitsa cha mtengo waukulu chakuda bii, ndipo kuseli kwa khoma lofika m'chiuno anaona chikhoti chofiira.

Mayi Enid Sugden anali atakhala pa mwala wa pakhomo la nyumba yopanda denga, nsapato atavula, mapazi ali pa mwalawo. Desmond anakhala pansi pambali pawo, akumenya dzira lowiritsa. Anali ataonda, tsitsi lonse litayera. Atamuona Gail sanadzidzimuke. Anangovula chipewa.

"Mayendedwe amenewo ndi a mwana wa Tordoff," anatero Mayi Sugden. "Amaponda ngati akukwiyira nthaka. Bwera kuno, Gail. Ndipatse dzanja."

Gail anagwada. Mayiwo anagwira dzanja lake n'kuliyendetsa pa mwalawo. Pakati pake panali podyeka, posalala ngati m'kati mwa mbale.

"Amayi anga, agogo anga, ndi amayi awo. Mapazi okhaokha amenewo. Ine ndinatulukira pano kupita kutchalitchi ndi diresi loyera, ukwati womaliza m'mudzi muno. Chaka chotsatira anatseka madzi. Tinaima paphiri apo, ine ndi bambo a anawa, tikuonerera madzi akulowa m'khichini mwathu."

"Mayi Sugden, anthu akukufunani chigwa chonse."

"Andifune. Ndinamupempha Neville katatu. Akuti matope ngoopsa, akuti makasitomala achuluka, akuti sabata yamawa. Wailesi ikuti mvula iyamba Loweruka. Ndipo adokotala akuti Khirisimasi ndiidyera kwina. Ndiye sabata yamawa yake iti?"

Gail anayang'ana Desmond. Iye anayang'ana dzira.

"Anandiimbira foni," anatero Desmond. "Akuti kiyi ali m'chitini pansi pa mgolo, upope matayala, usaiwale katsamiro. Ndinakwera basi yomaliza dzulo, ndagona m'khola la nkhosa."

"Wakuba ndine," anatero mayiwo monyadira. "Uyu ndi hatchi chabe. Komanso palibe chabedwa. Njinga ija mwamuna wanga anasiyira ine, osati Neville. Munthu angabe chake?"

"Za njinga zatha, mayi. Palibe mlandu."

"Ndiye bwanji mawu ako akulemera?"

Mbalame ina yoyera inatera pa mlatho, n'kuulukanso.

"Des," anatero Gail. Dzinalo linatuluka mwachidule ngati kale, asanaliganizire. "Tabwera."

Anapita kuseli kwa khoma. Pafupi chonchi ankanunkha ubweya wa nkhosa ndi oyilo.

"Ukudziwa chomwe wachita?"

"Ndikudziwa."

"Akubwezera m'kati. Zaka zonse zinatsala zija ukazimaliza."

"Ndinawerengera ndili m'basi."

"Ndiye n'kubwerabe?"

"Ukanakhala iwe?"

Gail anayang'ana kumtunda, komwe msewu wa galimoto umadutsa pamwamba pa phiri. Pa zaka zake zonse za upolisi anali asanayankhulepo mawu ngati omwe anatsatira.

"Basi ya ku Hull imadutsa apo masana. Kanjira ka nkhosa ako, kakukafikitsa. Ine ndapeza mayi wokalamba ndi njinga, basi. Maureen sanaone nkhope. A Hebden salankhula."

Desmond anaseka pang'ono, kuseka komwe kuja kosekera m'mphuno.

"Ndiye ukanena kuti apalasa okha? Mayi osaona, pa chishalo chakumbuyo?"

"Zimenezo ndi zanga."

"Neville akudziwa kale, eti? Ndakuonera pankhope. Sangasiye, ndipo sindimuda nazo, chibwano chija ndinaphwanya ndine. Ukanama, yunifolomu yako yapita, ine adzandigwirabe Lolemba. Tiluze tonse awiri?" Anapukusa mutu. "Ndawabweretsa ndine, ndiwabweza ndine. Ukandimange pa geti, osati pamaso pawo."

"Saona."

"Unyolo amaumva."

Gail anafuna kunena zambiri. Anafuna kunena kuti tsiku lija, akumutsekera unyolo, zinamupweteka iyeyo kuposa womangidwayo. Kuti madzulo ena amaimitsa galimoto pa khoma la damu n'kumangoyang'ana anthu awiriawiri akudutsa pa njinga. Koma chomwe chinatuluka n'chakuti, "Wadya chiyani chilowere dzulo?"

"Mazira a amayi."

"Mukunong'onezana chiyani uko?" anaitana Mayi Sugden. "Nthawi yonong'onezana munali nayo muli ana, munaitaya. Bwerani mundiveke nsapato."

Desmond anagwada n'kuwaveka. Mayiwo anasisita mwala uja komaliza, pang'onopang'ono, monga momwe munthu amasisitira mutu wa mwana wogona. Kenako anaimirira okha.

"Basi. Ndaufika. Madzi abwere."

Anakwera msewu wakale atatu, mayi ali pakati. Atafika pa njinga, wailesi ya paphewa pa Gail inakhosomola. Anali Sajeni, kuchokera ku ofesi.

"Tordoff, uli kuti? Neville Sugden watisokosera kokwana. Nditumize anthu?"

Gail anadina batani. "Musatumize, bwana. Ndawapeza onse awiri. Mayi ali bwino. Desmond Sugden wadzipereka yekha, ndikumubweretsa."

"Mufika nthawi yanji?"

Pamenepo msewu unagawikana. Kumanja kunali komwe anadzera, kwakufupi. Kumanzere msewu unkalowa m'nkhalango ya paini, n'kuzungulira gombe lonse la kumadzulo, kudutsa minda ndi timilatho, usanafike ku geti lomwe Gail anasiya galimoto. Desmond anali atakweza kale mayi ake, phazi lili pa pedulo, akudikira. Sanapemphe kanthu.

"Tichedwerapo, bwana," anatero Gail. "Mayiwa safuna mabampu."

Anakhotera kumanzere.

M'nkhalangomo munali kamphepo kozizira. Mayi Sugden anakweza mphuno n'kuyamba kutchula zomwe ankamva: utomoni, bowa, utsi wa kutali. Gail anapalasa pambali pa Desmond, mahandulo awo atatsala pang'ono kugundana, ndipo palibe anafulumira. Anadutsa kamlatho koyamba. Pa kachiwiri Desmond anayankhula, maso ali kutsogolo.

"Ulendo watha uja ndili kundende sunabwereko n'kamodzi komwe."

"Ndinkafika pa geti. Kawiri. Ndinkabwerera."

Matayala analira pa matabwa a mlatho.

"Amalola alendo Loweruka," anatero Desmond.

"Loweruka ndimagwira ntchito."

"Ndimadziwa."

Anapalasa kamtunda ndithu, dzuwa likuthothoka m'masamba n'kumawagwera pamanja.

"Koma pali mnzanga amakonda kusinthana," anatero Gail.

"Iwe Desmond," anatero mayi kumbuyo, "chepetsa liwiro. Ukuthamangira kuti?"